Kuwongola handguard yopendekeka pa mfuti ya semi-auto

Loweruka lina m'mwezi wa Julayi, kuzizira kwa ku Joni kuli pachimake, alamu anga anandikokera pambali tili ku renji, malo oyesererako kuwombera, nkhope ili yakugwa. Mfuti yawo ya mtundu wa AR-15, ya semi-auto (yodzilowetsera yokha chipolopolo chotsatira ikawomba), imene mwezi wapitawo inkaunjika zipolopolo pamalo amodzi, tsopano inkaponyera kumanzere, pafupifupi masentimita 20 kuchoka pakati pa chandamale pa mtunda wa mamita 100. Anali atapotokola kale sight yakumbuyo, kachida koyang'aniramo polondola chandamale, mpaka kumapeto koma osaphula kanthu. "Alamu, barrel yatha iyi," anatero. Ndinaitenga mfutiyo, ndipo nditatsimikiza kuti ilibe chipolopolo ndinaiyang'ana kuchokera pamwamba. Barrel inalibe mlandu. Handguard ndiyo inali itapotokera kumanja pang'ono, ndipo sight yakutsogolo, poti imakhala pa handguard pomwepo, inapita nayo limodzi.

Handguard ndi chikuto chimene chimazungulira barrel, paipi ija yotulukira chipolopolo, kuti dzanja lakutsogolo ligwire bwino popanda kupsa. Pa mfuti zamasiku ano imanyamulanso tochi, miyendo yoimikira ndi sight. Ikapendekeka ndi milimita imodzi yokha, diso lingaone ngati palibe nkhani, koma masamu ake ndi awa: ngati pakati pa sight yakumbuyo ndi yakutsogolo pali mamilimita 500, ndipo yakutsogoloyo yasuntha ndi milimita imodzi, pa mamita 100 chipolopolo chiphonya ndi mamilimita 200. Sight yakutsogolo ikasunthira kumanja, zipolopolo zimagwera kumanzere. Ndi zimene zinawachitikira alamu anga.

Ntchito yowongola si yaikulu. Nthawi zambiri ndi ya timabawuti tiwiri kapena titatu. Chimene chimawononga mfuti za anthu ndi kuthamangira sipanala asanadziwe pamene pakhota. Muyambe mwaona, ndipo mudziwe polekezera.

Kodi mfutiyo ndi ya yani?

Funsoli ndikufunsa dala, chifukwa ndimawadziwa anthu akwathu. Munthu akamveka kuti amadziwa za zitsulo, ndi makaniko kapena wowotcherera, anzake amamubweretsera chilichonse. Wina akabwera ndi mfuti m'chikwama n'kunena kuti "achimwene, tandikonzereni", mukaneni ndithu, ngakhale ali wa m'mudzi mwanu. Lamulo la mfuti la South Africa, Firearms Control Act 60 ya 2000, limamanga mfuti iliyonse pa dzina la munthu amene ali ndi laisensi yake. Kuti munthu apeze competency certificate, pepala loyamba asanapemphe laisensi, ayenera kukhala nzika kapena wa permanent residence, ndipo nthawi zambiri wa zaka zosachepera 21. Ambiri mwa ife amene tili kuno pa mapepala akanthawi sitikwanira pamenepo. Ndipo kupezeka ndi mfuti ya semi-auto popanda laisensi, chilango chimene lamulo limaika poyambira ndi zaka 15 kundende.

Ndiye ndikulankhula ndi inu amene mfuti ili m'dzina lanu, ambiri kudzera mu section 16, ya anthu odzipereka pa masewera owombera kapena ulenje amene ali mamembala a bungwe lovomerezeka. Inu ogwira ntchito zaulonda olembetsedwa ku PSIRA, bungwe loyang'anira ntchitozi, mfuti imene mumasainira m'mawa ndi ya kampani. Mukaona handguard ikugwedera, lembani lipoti, mukapereke kwa woyang'anira zida. Mungagwiritse ntchito zimene ndilembe pansipa pofotokoza vuto molondola, koma kiyi womasulira mabawuti musaikepo.

Tulutsani zipolopolo, ziikeni m'chipinda china

Yambani ndi kuchotsa magazini. Kenako kokani charging handle, chogwirira chotcherera mfuti, kuti bolt, chitsulo chokankhira chipolopolo mu barrel, itsekeredwe kumbuyo. Dongosololi musalitembenuze, chifukwa mukakoka magazini ikadali momwemo mwalowetsa chipolopolo china. Suzumirani mu chamber, mokhala chipolopolo kumbuyo kwa barrel, ndi tochi, mupisemonso chala. Magazini onse ndi zipolopolo zonse zibwerere mu sefa, bokosi lachitsulo losungiramo mfuti, ndipo sefayo ikiyidwe musanakhale pansi. Pa AR, kankhani mapini awiri olumikiza chigawo cha pamwamba, chotchedwa upper, ndi cha pansi, muchotse bolt carrier (chitsulo chonyamula bolt) ndi charging handle. Kuyambira pano mukugwira ntchito ndi upper yokha, ndipo iyo payokha siingawombe.

Gwirirani ntchito m'nyumba, chitseko chotseka, ana ndi alendo ali kwina. Ambiri timakhala m'mayadi ogawana ndi mabanja ena, ku Turffontein, ku Rosettenville, ku Cosmo City. Anthu onsewo safunika kudziwa chimene chili mu sefa yanu. Yalani thaulo lowala patebulo, chifukwa kabawuti kakagwera pa matailosi kamadumpha n'kulowa pansi pa kabati. Sankhaninso nthawi ya masana, kuti magetsi akazima musatsale ndi timabawuti m'manja mumdima.

Pezani pamene pakhota

Apa ndiye pofunika kukhalitsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Masulani zonse zimene zapachikidwa pa handguard: tochi, chogwirira, miyendo, lamba. Nthawi zina vuto limathera pomwepa. Timabawuti ta M-LOK, dongosolo la mabowo opachikiramo zinthuzi, timalowa mkati mwa handguard, ndipo kakakhala katali kamagunda barrel kapena gas block (kachitsulo ka pa barrel kamene kamapatutsira gasi mu kapaipi kobwerera ku upper) n'kuikankhira handguard kumbali. Mukachotsa chinthu china handguard n'kubwerera pakati, mwamupeza wolakwa. Yang'anani pa gas block ngati pali kachipsera kowala pamene kabawuti kamakhula. Mankhwala ake ndi kabawuti kafupi, kapena kusunthira chinthucho pa bowo lina lotalikirana ndi gas block.

Ngati kupendekeka kukadalipo, dziwani kuti kuli mitundu itatu, ndipo iliyonse ili ndi mayeso ake.

Koyamba ndi kuzungulira. Njanji ya pamwamba pa handguard iyenera kupitiriza njanji ya Picatinny, ya mano yomangirapo sight ndi scope, ya pa upper ngati kuti ndi chitsulo chimodzi. Ikani rula yachitsulo m'mbali mwa njanji ziwirizo, modutsa polumikizira. Yendetsaninso chikhadabo pamenepo. Chikakodwa mbali imodzi, mbali inayo n'kutsetsereka, handguard yazungulira. Ena amaika levulo yaing'ono pa upper kenako pa handguard. Njira imeneyi ndi yabwino pokhapokha upper itamangidwa kuti isasunthe pakati pa miyeso iwiriyo.

Kwachiwiri ndi kuloza kumbali. Yang'anani kutsogolo kumene barrel imatulukira, muone ngati ili pakati pa handguard. Maso okha amanama, makamaka ngati muzzle brake, chitsulo cha kunsonga kwa barrel, yokha ndiyo yapotoka kapena gas block yapendekeka. Yezani ndi vernier, chida choyezera timipata, mpata wa kumanja ndi wa kumanzere, wa pamwamba ndi wa pansi, ndipo manambalawo alembeni papepala. Mudzawafuna mukamaliza.

Kwachitatu ndi kusererekera kutsogolo. Pakati pa handguard ndi upper pamaoneka mpata umene kale kunalibe. Zimenezi zimabwera ndi kugunda kwa mfuti powombera, kapena kugwedezeka kwa ulendo wautali kumbuyo kwa bakkie pa msewu wafumbi, ngati timabawuti tinali tosakungika.

Pomaliza, ng'ambani kapepala kakatali, kakulungeni pansi pa barrel, mukayendetse mpaka pamene kangafike. Kalowetseninso kudzera m'mabowo mozungulira gas block. Pa handguard ya free-float, mtundu umene suyenera kukhudza barrel, pepala liyenera kudutsa paliponse osakodwa. Likakodwa, barrel ikukhudzana ndi handguard, ndipo nthawi iliyonse mukatsamiritsa mfuti pa thumba la mchenga mukukankha barrel. Zipolopolo zimamwazikana popanda dongosolo.

Pali chinanso choti muone musanapitirire: kodi handguard yokhayo ndi yowongoka? Ngati mfuti inagwapo, aluminiyamu atha kukhala kuti anapindika. Mukaivula, igonekeni pagalasi kapena pa tebulo lathyathyathya, muike rula m'litali mwake. Ikakhala yopindika, musalimbane nayo ndi hamala. Aluminiyamu wa 6061 amene handguard zambiri zimapangidwira akapindidwa kawiri amayamba ming'alu. Imeneyo ndi yosintha.

Zida

Makiyi a Allen kapena a Torx oyenera, torque wrench yaing'ono (sipanala yoyeza mphamvu yomangira), Loctite wabuluu 243 (guluu woletsa mabawuti kumasuka), mankhwala ochotsera mafuta, nsalu, cholembera cha penti, ndi vice block, chomangira upper mu vaisi. Ngati mulibe vice block, pa ntchito ya timabawuti tokha mutha kugwira upper pa thaulo, wina wa m'nyumba amene mumamukhulupirira akukuthandizani. Upper musaifinye mu vaisi mwachindunji. Mkati mwake ndi mphako, ndipo ikaphwanyika pang'ono bolt carrier siiyendanso bwino.

Za makiyi ndilankhule motsindika, chifukwa zinandionekera. M'mashopu a hardware a kuno makiyi ambiri ndi a mamilimita, pamene zida zambiri za AR zochokera ku America zili mu mainchi. Kiyi wa mamilimita 3 amalowa bwinobwino mu kabawuti ka 1/8 inchi, kamene ndi mamilimita 3.175. Amaoneka ngati wakwana, koma mukangokunga amazungulira mkati n'kudya makona a mutu. Zaka zapitazo ndinawononga kabawuti ka handguard yanga mwa njira imeneyi, ndipo zinatengera gunsmith, mmisiri wa mfuti, kukaboola kuti katuluke. Mfuti inakhala kumeneko masabata angapo, ine mpikisano n'kundidutsa. Kiyi woyenera amalowa mothina mpaka pansi, osagwedera ngakhale pang'ono. Akagwedera, imani.

Chenjeraninso ndi manambala a mphamvu yomangira. Mabuku a zida zimenezi amalemba ma inch-pound pa timabawuti ting'onoting'ono ndi ma foot-pound pa nati yaikulu. Foot-pound imodzi ndi ma inch-pound 12. Munthu akawerenga 35 in-lb n'kutenga torque wrench ya galimoto kuika pa 35 ft-lb, kabawuti kamaduka nthawi yomweyo. Inch-pound imodzi ndi 0.113 Nm, choncho 35 in-lb ndi pafupifupi 4 Nm. Imeneyi ndi mphamvu ya zala ndi dzanja chabe, phewa silifunikapo.

Handguard ya zigawo ziwiri

Mfuti zina za AR zili ndi handguard yapulasitiki ya zibenthu ziwiri, cha pamwamba ndi cha pansi. Kutsogolo zimalowa mu kachipewa kachitsulo kuseri kwa sight, kumbuyo zimagwidwa ndi mphete ya sipuling'i yotchedwa delta ring. Iyi ndiyo yosavuta. Imikani mfuti, kokerani delta ring kumbuyo mwamphamvu ndi manja awiri, wothandiza achotse chibenthu chimodzi kenako chinacho. Pukutani fumbi ndi mchenga m'milomo yake. Onani ngati chitsulo chopyapyala cha mkati chotchinga kutentha sichinapindike n'kumakhula kapaipi ka gasi. Pobwezera, lowetsani kutsogolo kaye, kenako kokerani mphete, kumbuyo kukhale pansi, mphete ibwerere mofanana mozungulira monse. Nthawi zambiri kupendekeka kumakhala kuti mlomo wa chibenthu chimodzi unatsala kunja kwa mphete.

Handguard yotere imagwedera pang'ono mwachibadwa, ndipo palibe vuto, chifukwa sight yakutsogolo imakhala pa barrel osati pa iyo. N'chimodzimodzi ndi LM4 ndi LM5 za Vektor, abale a semi-auto a R4 ndi R5 za asilikali: handguard imagwidwa pakati pa thupi la mfuti ndi chogwirira cha kutsogolo. Ikagwedera mopitirira, kawirikawiri ndi pulasitiki amene wadyeka polowera kapena chogwiriracho chakhwefuka. Musaphatikemo tizitsulo kapena guluu. Pamenepo pamatentha kwambiri.

Handguard ya free-float

Iyi ndi paipi imodzi ya aluminiyamu imene imavala pa barrel nut, nati yaikulu yomangira barrel ku upper, ndipo siikhudza barrel pena paliponse. Zambiri zimafinyidwa ndi timabawuti topingasa pansi, kumbuyo kwenikweni. Ndi mtundu umene unali pa mfuti ya alamu anga.

Jambulani chithunzi ndi foni musanamasule, kuti mukumbukire malo a kachitsulo kalikonse. Handguard zina zili ndi kambale kakang'ono kapena kamphero koletsa kusererekera kutsogolo, ndipo kamalowa njira imodzi yokha.

Khwefulani timabawuti tonse pang'onopang'ono mosinthanasinthana. Musachotse kamodzi kotheratu anzake akadali okungika. Kabawuti kakakana, musakakamize. Mwina munthu wina anaikapo Loctite wofiira, amene samasuka popanda kutenthetsa kwambiri. Gwiritsani nsonga ya soldering iron pa mutu wa kabawuti kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, muyesenso. Kakakanabe, nkhani yafika kwa gunsmith.

Timabawuti tikachoka, kokerani handguard kutsogolo. Ina imakhala yothina kwambiri pa nati. Itenthetseni kumbuyoko ndi chowumitsira tsitsi: aluminiyamu amafutukuka ndi kutentha pafupifupi kawiri kuposa chitsulo, choncho ngati nati ndi yachitsulo handguard imalekerera. M'mawa wa Juni kuno, zitsulo zitagona m'garaja yozizira, njira imeneyi imathandiza zedi. Ngati muzzle brake ndi yaikulu moti handguard siingadutse, ingoisunthirani kutsogolo mpaka nati ionekere. Zimenezo zikwanira.

Tsopano muli pamalo ofunika kwambiri pa ntchito yonse. Gwirani barrel nut ndi dzanja, yesani kuizunguza. Gwirani barrel, igwedezeni. Zonse ziwiri ziyenera kukhala nji, ngati chinthu chimodzi ndi upper. Nati ikasuntha ndi dzanja, ngakhale pang'ono chabe, lekerani pomwepo. Vuto lanu si handguard, ndipo mfutiyo isawombedwenso mpaka itaonedwa ndi gunsmith. Yang'ananinso kapaipi ka gasi, kamene kamadutsa pamwamba pa nati kukalowa mu upper. Kayenera kukhala kowongoka, kosakhula nati. Onaninso gas block ngati yaima chilili, chifukwa ikapendekeka imagunda mkati mwa handguard ndiponso imatseka pang'ono bowo la gasi, mfuti n'kumalephera kulowetsa chipolopolo chotsatira.

Nati ikakhala yolimba, pukutani kunja kwake ndi mkati mwa handguard ndi mankhwala ochotsera mafuta mpaka ziume gwa. Anthu ambiri amathira mafuta paliponse poyeretsa mfuti, mafutawo n'kuyenderera kufika pa nati. Handguard yofinyidwa imagwira chifukwa cha kukhakhala kwa zitsulo ziwirizo, ndiye pakalowa mafuta imatsetsereka ngakhale timabawuti titakungika. Tsukaninso mazinga a timabawuti ndi kaburashi, Loctite wakale achoke. Kabawuti kalikonse kamene mutu wake wadyeka kapena mazinga aphwanyika, kasintheni tsopano.

Bwezerani handguard mpaka ifike pa upper. Zambiri zili ndi timakutu tiwiri kumbuyo, timene timakumbatira upper mbali zonse kuti isazungulire. Onani kuti tonse tiwiri talowa, palibe kamene kakwera pamwamba pa chitsulo. Upper zina za billet, zosemedwa ku chigulu chimodzi cha aluminiyamu, ndi zonenepa kuposa zamasiku onse, ndipo timakutu sitikwanapo. Mukaona zotere, musapale upper ndi fayilo. Handguard imeneyo si ya upper imeneyo.

Nayi njira imene ndimaidalira kuposa diso. Tengani mount ya scope ya chitsulo chimodzi, kapena carry handle yochotseka, muikhazike modutsa polumikizira, theka pa njanji ya upper, theka pa njanji ya handguard. Imangeni mokwanira kuti igwire njanji zonse ziwiri. Ikamafinya, imakokera handguard pamzere umodzi ndi upper, ndipo imaigwira pomwepo inu mukumanga pansi.

Dontho limodzi la Loctite wabuluu pa mazinga a kabawuti kalikonse ndi lokwana, pokhapokha buku la handguard yanu litaletsa kapena timabawuti titabwera topakidwa kale. Lowetsani tonse ndi zala mpaka tingokhudza. Kenako mangani mosinthana: kotala ya kuzungulira pa kakumbuyo, kotala pa kakutsogolo, kubwereranso, dzanja lina likukankhira handguard kumbuyo kuti isasiye mpata. Cholakwika cha alamu anga chinali pomwepa. Anakunga kabawuti kamodzi mpaka kumapeto kenako n'kupita pa kachiwiri, ndipo koyambako kanakokera handguard mbali yake kachiwiri kasanagwire n'komwe.

Mukafika pakati, imani, muyeze ndi vernier kutsogolo. Ngati barrel yayamba kupendekera mbali imodzi, khwefulani pang'ono, kankhirani nsonga ya handguard pakati ndi dzanja, muyambirenso. Mungabwereze kawiri kapena katatu, osadandaula. Zikakhala bwino, malizani ndi torque wrench pa nambala imene wopanga handguard analemba. Nambalayi imasiyana pakati pa handguard ndi inzake, choncho tengani ya m'buku lanu kapena pa webusaiti ya wopangayo, osati ya mnzanu wa ku renji. Fikanipo m'masitepe awiri kapena atatu, mosinthana monga poyamba.

Chotsani mount ija. Musaisiye pamenepo, ndipo scope isamakhale mwendo umodzi pa upper wina pa handguard. Handguard imapindika pang'ono mukaitsamiritsa, ndipo scope yokhala chotero imasuntha nayo. Scope ndi red dot malo ake ndi pa upper.

Bwerezani mayeso onse: rula, chikhadabo, vernier, pepala. Fanizirani ndi manambala munalemba poyamba aja. Kenako tengani cholembera cha penti, mujambule kamzere kuchoka pa mutu wa kabawuti kalikonse kufika pa handguard, ndi kena kodutsa pa handguard kufika pa upper. Tsiku lina kamzere kakadzaduka pakati, mudzadziwa kuti china chasuntha musanataye zipolopolo. Loctite amafuna maola 24 kuti aume kotheratu, ndiye mfutiyo igone mu sefa usiku umenewo.

Pobwezera zopachika za M-LOK, Magpul, amene anayambitsa dongosololi mu 2014, amapereka 35 in-lb pa chitsulo chomangidwa pa chitsulo, ndi 15 in-lb pamene pali pulasitiki. Suzumirani mkati kuti muone kuti kanati kalikonse katembenuka n'kupingasa bowo, ndipo mukamanga chinthu chilichonse yendetsaninso pepala lija.

Ikakanabe kuwongoka

Tinene kuti mwachita zonse, njanji zili pamzere, koma barrel ikadali kumbali ndi theka la milimita kapena milimita imodzi kutsogolo. Pa handguard yaitali ya mainchi 15, kasiyanidwe kochepetsetsa ka kumbuyo kamakula pofika kunsonga. Ngati pepala likudutsa paliponse, ndipo mumawombera ndi scope imene ili pa upper, ine ndinganene kuti isiyeni. Chipolopolo chimatsata barrel, sichitsata handguard. Ndaona anthu akudya mazinga chifukwa chofuna kukondweretsa diso. Koma ngati mumadalira sight ya pa handguard ndipo sight yakumbuyo ikuchita kufika kumapeto kuti mulondole chandamale, kapena barrel ikukhudza, pamenepo gwero lili mkati: nkhope ya upper pamene barrel imakhalira si yowongoka, kapena nati siinakhale bwino.

Palinso mtundu wina wa handguard umene timabawuti take timalowa mwachindunji m'mabowo a barrel nut. Pa mtundu umenewu, pamene nati yaima ndi pamene handguard iime. Simungaiwongole pokhwefula timabawuti, chifukwa mabowo sasuntha. Nati iyenera kumasulidwa n'kumangidwanso.

Apa ndiye polekezera panu. Kumasula barrel nut kumafuna kuchotsa gas block ndi kapaipi kake, ndi kugwira upper pa chida chapadera kuti isapotoke, ndiponso mphamvu yolakwika imadula kapini kolondolera barrel kapena kung'amba kampata kake mu upper. Lamulo nalonso lili ndi mbali yake. Section 59 imaletsa munthu wopanda laisensi ya gunsmith kusintha kutalika kwa barrel, calibre, nambala ya mfuti kapena kawombedwe kake, ndipo ntchito yophwasula ndi kumanganso barrel ndi yoyenera mmisiri wachiphaso. Kumbukiraninso kuti chigawo chokhala ndi nambala chikawonongeka simungangogula china ngati sipeya ya galimoto. Mubwerera ku mapepala a apolisi a SAPS ndi kudikira.

Ku Joni ma gunsmith a laisensi alipo, ndipo sitolo imene munagulako mfuti kapena bungwe lanu lowombera lingakulozereni. Pitani ndi khadi la laisensi ndi chiphaso chanu. Mfuti ikhale yopanda zipolopolo, yobisika yonse m'chikwama chake. Mukaisiya, mulandire pepala losonyeza kuti ili m'manja mwawo. Muwafotokozere zimene munayeza, ndi manambala omwe, chifukwa zimawafupikitsira ntchito. Mmisiri wodziwa adzapaka girizi pa mazinga a upper, adzamanga ndi kumasula nati katatu kuti mazinga akhazikike, kenako adzaikunga. Nati wamba ya AR-15 imamangidwa pakati pa 30 ndi 80 ft-lb, kapena kuti 41 mpaka 108 Nm, ndipo mpata waukulu chonchi ulipo dala kuti nati ipeze poima pamene kapaipi ka gasi kadutse momasuka. Ikapanda kufika pamzere mkati mwa mpata umenewo, amaika timphete topyapyala totchedwa shims. Nkhope ya upper ikakhala yosawongoka, amaisalaza ndi chida chake. Mukamva wina akunena kuti angoikunga mopitirira mpaka ifike, tengani mfuti yanu mupite kwina.

Kubwerera ku renji

Musanalumikize zonse, lowetsani bolt carrier mu upper ndi dzanja. Iyende mosalala, ndipo gas key, kakamwa ka pamwamba pake, ivale kapaipi ka gasi popanda kugunda. Lumikizani zigawo, mutsimikizenso kuti mulibe chipolopolo, mulozetse mfuti kumalo otetezeka, muyese safety ndi trigger monga mumachitira mukamaliza kuyeretsa.

Kuwombera koyesa ndi ku renji yovomerezeka basi. Kuwomba mfuti pamalo okhala anthu ndi mlandu, ngakhale kuseri kwa nyumba yanu. Bwezerani sight yakumbuyo pakati, muyambire pa mamita 25, zipolopolo zitatu kapena zisanu pa gulu lililonse, kenako musunthire pa 100. Mukawomba zipolopolo 20 kapena 30, tulutsani magazini, tsegulani bolt, dikirani izizire, muyang'ane timizere ta penti tija ndi mpata wa pa upper. Yesaninso gulu limodzi mutatsamiritsa handguard pa thumba la mchenga chakumbuyo, lina chakunsonga. Ndi scope ya pa upper, magulu awiriwo ayenera kugwera pamalo amodzi. Akasiyana kwambiri, pali pena pamene barrel ikukhudzabe, ndipo pepala lija libwererenso.

Ya alamu anga tinaiwongola Lamlungu masana patebulo la kukhitchini kwawo. Mkati mwa handguard tinapezamo mafuta ambiri, ndipo kabawuti kakutsogolo kanali kongozungulira ndi chala. Loweruka lotsatira sight yakumbuyo inangofuna makiliki atatu kuchoka pakati, ndipo timizere ta penti tinali tisanasunthe pamene ankaibwezera m'chikwama.